Njira zotsatira kuti muthandizike pa ntchito za boma za pa foni ndi pa kompyuta muno mu Harare

Ntchito zambiri za boma la Zimbabwe zimene kale zinkafuna kuti munthu alawire m'mamawa, akwere kombi n'kukaima pa mzere tsiku lonse, masiku ano zikuyambira kapena kuthera pa makina. Pasipoti yatsopano ili ndi kachipangizo kosunga chithunzi ndi mbiri ya mwini wake, msonkho ukulembetsedwa pa intaneti, milandu ya m'makhoti akuluakulu ikusumidwa pa kompyuta, ndipo magetsi tikugula pa foni ngakhale pakati pa usiku. Kusinthaku kwachepetsa maulendo ndiponso kwatseka mipata ina imene adobadoba ankadyerapo, koma kwavumbulutsa vuto limene likutikhudza kwambiri ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, m'mafakitale ndi m'nyumba za mu mzinda uno pa nthawi imene unkatchedwa Salisbury. Kalaliki wakale ankatha kukuyang'anani kumaso, kumva nkhani yanu n'kuvomera kuti Piri ndi Phiri ndi munthu mmodzi yemweyo. Kompyuta ilibe chifundo chotero, chifukwa imadziwa zokhazo zimene zinalembedwa m'kaundula, ndipo zikasiyana ndi chilembo chimodzi imakukanani. N'chifukwa chake malangizo awa ayambira pa mapepala, ndipo foni ibwera pambuyo.

Choyamba, yalani mapepala onse a pakhomo

Sankhani tsiku limene simuli pa changu, ndipo mutulutse mapepala a munthu aliyense wa pakhomo panu: satifiketi ya kubadwa, chitupa, pasipoti yakale ngakhale inatha ntchito, satifiketi ya ukwati, masatifiketi a sukulu, khadi la kusikelo la mwana, ndiponso zitupa za makolo ngakhale anatisiya kale. Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri. Mmodzi agwire satifiketi ya kubadwa n'kumawerenga mokweza chilembo chimodzichimodzi, pamene winayo akulondola ndi chala pa chitupa, kenaka pa pasipoti, kenaka pa satifiketi ya sukulu. Munthu akamawerenga yekha dzina lake maso amathamanga, amaona zimene akuzidziwa kale m'malo mwa zimene zalembedwa, ndiye chifukwa chake pamafunika wina womvetsera.

Onetsetsani dzina loyamba, dzina la banja, tsiku lobadwa ndi nambala ya chitupa. Nambalayi imayamba ndi manambala awiri osonyeza dera limene munthu analembetsera, ndipo kwa amene analembetsera mu Harare ndi 63. Pambuyo pa manambala apakati pamabwera chilembo chimodzi, ndipo kumapeto kuli manambala ena awiri. Anthu ambiri amaloweza gawo lapakati lokha n'kuiwala chilembocho, ndipo akafika pa fomu ya pa intaneti amadabwa kuti ikuwabweza. Lembani nambala yonse m'kope, monga mmene ilili pa chitupa.

Musadabwe mukapeza zosiyana, pakuti maina athu ambiri analembedwa ndi anthu amene sankamva Chichewa. Mu Chishona mulibe chilembo cha l, motero n'kosavuta kuti Mwale alembedwe Mware pa pepala limodzi n'kukhala Mwale pa lina. Agogo ena sankadziwa tsiku lawo lobadwa, ndiye kalaliki aliyense ankangoyerekeza chaka chake. Palinso ana amene analembetsedwa pa dzina la amalume kapena la mnansi kuti apeze malo ku sukulu pa nthawi imene makolo awo analibe zitupa. Zonsezi zinkabisika pamene mafayilo ankagona m'makabati a maofesi osiyanasiyana, koma tsopano makina akuyerekeza kaundula wina ndi mnzake, ndipo zosiyanazo zikutulukira pa tsiku limene munthu akufuna pasipoti mwachangu kapena akulondola penshoni ya malemu ku NSSA, bungwe la boma loona za penshoni za ogwira ntchito.

Mukapeza cholakwika, yambani kukonza satifiketi ya kubadwa, chifukwa chitupa ndi pasipoti zimatengera zimene zili pamenepo. Pitani ku Civil Registry, ofesi ya boma yolembetsa kubadwa ndi kupereka zitupa, kaya ku nyumba ya Makombe kapena ku ofesi ya m'dera lanu, mutatenga mapepala onse enieni pamodzi ndi mafotokope ake, ndipo mufunse zimene akufuna pa vuto lanulo musanalipire munthu aliyense. Kukonza chilembo chimene chinalakwika polemba ndi nkhani ina, ndipo kawirikawiri kumafuna umboni ndi kalata yolumbira. Kusintha dzina lonse la banja ndi nkhani inanso, yomwe imadzera kwa loya ndipo imalengezedwa mu gazeti ya boma. Kwa ana amene angobadwa kumene, lamulo limati kubadwa kulembetsedwe pasanathe masiku 42, ndipo poti kuwongola mtengo ndi poyamba, werengani satifiketi ya mwanayo muli pomwepo pa kauntala musanatuluke pakhomo la ofesi.

Chachiwiri, thetsani nkhani ya chitupa cholembedwa ALIEN

Pano ndikufuna tichedwepo, chifukwa mabanja ambiri a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth akusungabe zitupa zachitsulo zolembedwa mawu amenewa, otanthauza mlendo, ndipo eni ake anazolowera kuganiza kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwira. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa mu 2001 kunachititsa kuti anthu ambiri obadwira muno, amene makolo awo anali ochokera kunja, atengedwe ngati si nzika pokhapokha atakana unzika wa dziko la makolowo, ngakhale kuti ambiri sanapondeko n'komwe. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anasintha zimenezi. Gawo 43 limanena kuti munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowa asanalengezedwe pa 22 May 2013, amene kholo lake limodzi kapena onse awiri anali nzika za dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala muno pa tsikulo, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali mu SADC. Gawo 35 limawonjezera kuti nzika ili ndi ufulu wolandira pasipoti, satifiketi ya kubadwa ndi ziphaso zina zoperekedwa ndi boma.

Komabe lamulo lokha silisintha zimene zili mu kompyuta. Ngati simunapite kukasinthitsa chitupa, kaundula akukuonanibe monga kale, ndipo ntchito iliyonse yodalira kaundulayo idzakuonani chimodzimodzi. Tengani satifiketi yanu ya kubadwa yaitali, imene imasonyeza maina a makolo, chitupa chakalecho, ndi pepala lililonse losonyeza kumene makolo anachokera, ndipo mukapemphe kuti unzika wanu utsimikizidwe ndi kuti mupatsidwe chitupa cha pulasitiki cholembedwa kuti ndinu nzika. Ngati mulibe satifiketi ya kubadwa, yambirani pamenepo. Kalata ya ku chipatala kapena ku kiliniki kumene munabadwira ndiyo umboni woyamba, ndipo kwa amene anabadwira kunyumba kapena pa famu pamafunika mboni zimene zikudziwa za kubadwako. Apa ndi pamene ndikupemphani kuti musazengereze, popeza mboni zimenezi ndi azakhali, amalume ndi agogo athu amene akukalamba, ndipo aliyense wa iwo akamwalira amapita ndi umboni umene makina sangaubweze. Banja limodzi likalephera kulembetsa mayi, ana ake ndi zidzukulu zake nawonso amakhala opanda mapepala.

Ngati ofesi yakubwezani popanda chifukwa chomveka, pemphani mwaulemu kuti akuuzeni chimene chikusowa, lembani tsiku ndi zimene mwauzidwa, ndipo mukafunse thandizo ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo anthu osatha kulipira loya, kapena ku Zimbabwe Human Rights Commission, bungwe limene linafufuzapo m'dziko lonse za mavuto a anthu osowa ziphaso. Amene munabadwira ku Malawi ndipo mukadali nzika za kumeneko, njira yanu ndi ina: chiphaso cha unzika cha Malawi chimaperekedwa ndi National Registration Bureau, ndipo malo oyambira kufunsa muno ndi ku ofesi ya kazembe wa Malawi.

Chachitatu, laini ya foni ndi imelo zikhale zanuzanu

Mapepala akakhala m'malo mwake, tembenukirani ku foni. Pafupifupi ntchito iliyonse ya boma ya pa intaneti imatumiza nambala yotsimikizira pa uthenga wa foni kapena pa imelo, ndipo nambalayo imagwira ntchito kwa mphindi zochepa chabe. Ngati laini imene mukugwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la achimwene anu amene ali ku Johannesburg, kapena munaigula kwa munthu mumsewu, tsiku limene foni idzabedwe simudzatha kuibwezeretsa, ndipo maakaunti onse omangiriridwa ku nambalayo adzakutsekerani kunja. Pitani ku shopu ya Econet, NetOne kapena Telecel ndi chitupa chanu, mufunse dzina limene lili pa lainiyo, ndipo ngati si lanu mukonze kapena mugule ina. Laini imeneyo muziigwiritsa ntchito nthawi ndi nthawi, chifukwa laini ikagona miyezi yambiri imatsekedwa ndipo nambala imatha kupatsidwa kwa munthu wina.

Imelo mutsegule nokha, kapena wokuthandizaniyo atsegule inu muli pomwepo, pa nambala yanu ya foni. Musalole kuti mnyamata wa pa malo a intaneti alembe imelo yake pa fomu yanu pofuna kufulumira, pakuti mayankho onse a boma azidzapita kwa iye. Pasiwedi isakhale chaka chanu chobadwa kapena dzina la mwana, chifukwa zimenezo zili pa mapepala omwewo amene mumapereka kwa anthu ojambula fotokope. Gulani kope laling'ono lokhala kunyumba, osati m'chikwama choyenda nacho, ndipo mulembemo adiresi ya imelo, dzina lolowera pa akaunti iliyonse ndi chokukumbutsani pasiwedi. Nambala yachinsinsi ya EcoCash, OneMoney kapena ya ku banki isalembedwe paliponse.

Kenaka jambulani mapepala aja ndi foni. Ikani pepala pa tebulo pafupi ndi zenera masana, zimitsani kuwala kwa kamera kuti chitupa cha pulasitiki chisanyezimire, ndipo muonetsetse kuti ngodya zonse zinayi zikuoneka ndi kuti chidindo chikuwerengeka. Chitupa mujambule mbali zonse ziwiri. Masamba ambiri a boma amafuna fayilo ya PDF ndipo amakana chithunzi cholemera kwambiri, choncho gwiritsani ntchito pulogalamu yosandutsa chithunzi kukhala PDF, mupatse fayilo iliyonse dzina lomveka, n'kudzitumizira nokha pa imelo kuti foni ikatayika zisapite nayo limodzi. Zithunzizi sizilowa m'malo mwa mapepala enieni, amene maofesi amafunabe kuwaona ndi maso.

Chachinayi, phunzirirani pa chinthu chaching'ono

Musayambe ndi msonkho kapena khoti. Yambani ndi kugula magetsi, chifukwa m'kantchito kameneka muli zonse zimene mudzakumane nazo kwina: kulemba nambala molondola, kutsimikiza dzina, kulipira ndi kusunga umboni. Koperani nambala ya mita kuchokera pa mita penipenipo kapena pa lisiti lakale. Pa EcoCash mumayamba ndi *151#, n'kutsatira mndandanda mpaka pa malipiro a magetsi a ZESA. Mukalemba nambala ya mita ndi ndalama, foni imakuonetsani dzina limene lili pa mitayo musanavomereze. Imani pamenepo muwerenge. Ngati mukuchita lendi mudzaona dzina la mwini nyumba, koma mukaona dzina lachilendo bwererani, chifukwa nambala imodzi yolakwika ingachititse kuti ndalama zanu zigule magetsi ogwira ntchito pa mita ya munthu wina yokha.

Uthenga wobwera umakhala ndi manambala 20. Alembeni pa kabokosi ka mita modekha, anayianayi, ndipo muyang'ane pa sikirini kuti mayunitsi awonjezekadi. Ngati ndalama zachoka koma uthengawo sunafike, musagule kachiwiri mwamantha. Dikirani pang'ono, ndipo ukapanda kubwera gwiritsani ntchito nambala ya malipiro imene ili pa uthenga wa ndalama pofunsa. Dziwaninso kuti mtengo wa magetsi a pakhomo umakwera m'magawo pa mwezi: mayunitsi oyambirira ndi otsika mtengo, ndipo otsatirawo amakwera, motero kugula pang'onopang'ono kambirimbiri m'mwezi womwewo sikubwezeretsa mtengo wotsikawo. Pa malipiro a pa foni pamakhalanso ndalama zodulidwa. Msonkho wa ndalama zotumizidwa pa makina unakhala masenti 2 pa dola iliyonse mu October 2018 ndipo wakhala ukusinthidwa, choncho muzisiya kangachepe pamwamba pa ndalama imene mukufuna kulipira. Onetsetsaninso ngati mukulipira m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama imene inayamba mu April 2024, chifukwa pa foni ndalama ziwirizi zimakhala m'maakaunti osiyana.

Chachisanu, pasipoti

Pasipoti yamakono inakhazikitsidwa mu December 2021 ndipo inayamba kuperekedwa mu January 2022. Ngakhale ili ya makina, muyenera kupita nokha ku ofesi, popeza chithunzi ndi zidindo za zala zimatengedwa pomwepo, ndipo simufunikanso kulipira wojambula zithunzi kunja kwa geti. Tengani satifiketi ya kubadwa yaitali, chitupa, pasipoti yakale ngati munali nayo, ndi satifiketi ya ukwati ngati dzina linasintha pokwatiwa, zonse zenizeni ndi mafotokope ake. Mwana wosakwana zaka 18 amafunika kholo kapena womuyang'anira mwalamulo. Poyamba mtengo unali madola 100 pa pasipoti wamba ndi madola 200 pa yachangu, kuwonjezerapo madola 20 a fomu, koma unakwera mu 2024, choncho funsani mtengo wa tsikulo ku ofesi komweko musananyamuke ndi ndalama. Lipirani pa kauntala yovomerezeka yokha ndipo mulandire lisiti. Munthu wokupezani pa mzere n'kunena kuti ali ndi mnzake mkati sangasinthe zimene zili m'kaundula, ndipo chimene angachite ndi kukudyerani ndalama n'kuona mapepala anu.

Mukakhala pa mpando wojambulira, wogwira ntchito akamaliza kulemba pemphani kuti muwerenge zimene walemba musanasayine. Nenani momasuka kuti, "Pepani bambo, ndimafuna ndione ngati dzina lalembedwa monga lilili pa satifiketi." Mphindi imodzi imeneyo ndi yotsika mtengo kuyerekeza ndi pasipoti yolakwika imene mudzayende nayo zaka 10. Amayi amene amachapa tsiku ndi tsiku, abambo ogwira simenti ndi njerwa, ndiponso agogo okalamba nthawi zina zala zawo zimakhala zosalala kapena zong'aluka moti makina amavutika kuwerenga mizere yake. Ngati zingatheke pumitsani manjawo kwa masiku angapo, muzipaka mafuta usiku, ndipo pa tsikulo zala zikhale zoyera koma zosauma kwambiri. Makina akakanabe musachite manyazi, muuzeni wogwira ntchitoyo mtundu wa ntchito imene mumagwira kuti ayese zala zina. Lisiti limene mwapatsidwa mulijambule pa foni musanafike pokwerera kombi.

Chachisanu ndi chimodzi, msonkho, khoti ndi sukulu

Amene muli ndi kampani yaing'ono, kaya ya ukalipentala ku Glen View, yowotcherera zitsulo ku Siyaso kapena yosoka zovala, mudziwe kuti ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, inasamukira ku dongosolo latsopano lotchedwa TaRMS mu 2023. Nambala yakale ya wokhoma msonkho, yotchedwa BP, inalowedwa m'malo ndi nambala ya TIN, ndipo kulembetsa, kupereka malipoti a msonkho ndi kutenga chikalata cha ITF263 chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho zonse zimachitikira pa tsamba lodzithandiza nokha. Polembetsa mumafunika chitupa, imelo ndi nambala ya foni, ndipo mumasankha banki imene malipiro anu azidzera. Chikalata cha ITF263 n'chofunika chifukwa kampani yaikulu ikagula katundu kwa munthu amene alibe, lamulo limaikakamiza kudula gawo la malipirowo n'kulitumiza ku ZIMRA. Ngati mwalemba ntchito munthu wowerengera ndalama, akaunti ikhalebe pa imelo ndi foni yanu, ndipo mwezi uliwonse muzilowamo nokha kuona ngati malipoti anaperekedwadi, pakuti chindapusa chimagwera mwini bizinesi.

Ku makhoti, bungwe loyendetsa makhoti la Judicial Service Commission linayambitsa dongosolo losumira milandu pa kompyuta lotchedwa IECMS mu May 2022, kuyambira ku Constitutional Court, Supreme Court ndi nthambi ya zamalonda ya High Court, ndipo pambuyo pake linafika ku Labour Court, Administrative Court ndi High Court yonse. Munthu amene wachotsedwa ntchito mosatsata lamulo ndipo nkhani yake yafika ku Labour Court ayenera kutsegula akaunti, kutumiza zikalata zake ngati PDF ndi kulandira zidziwitso pa imelo. Chenjezo langa lalikulu lili pa zidziwitsozo. Tsiku la mlandu likatumizidwa ku imelo imene simuitsegula, khoti limatenga kuti munauzidwa, ndipo masiku oyankhira amayamba kuwerengedwa. Mukakhala ndi mlandu muzitsegula imelo tsiku lililonse, kuphatikizapo bokosi la mauthenga osafunika lotchedwa spam. Amene mulibe kompyuta, m'makhotimo muli malo okhala ndi makompyuta ndi anthu othandiza kutumiza zikalata.

Za sukulu n'zosavuta. Zotsatira za mayeso a ZIMSEC zimaoneka pa intaneti mwana akatsegula akaunti ndi nambala ya malo olembera ndi nambala yake ya mayeso, ndipo malo a Fomu 1 m'sukulu zogonera komweko amafunsiridwa pa tsamba la EMAP la unduna wa maphunziro. Nambala ziwiri za mayeso zija zikopereni m'kope lija mwana asanataye kapepala kake. Pa nthawi yoyendera kaundula wa zisankho, bungwe loyendetsa zisankho la ZEC lakhala likulola anthu kuona dzina lawo ndi malo ovotera pa *265#, ndipo amene mwangosintha chitupa cha ALIEN mukumbukire kuti kulembetsa kuvota ndi ntchito ina yapadera.

Chachisanu ndi chiwiri, dzitetezeni

Akuba nawonso anasamukira pa foni. Palibe ofesi ya boma, banki kapena kampani ya foni imene idzakuimbirani kufunsa nambala yanu yachinsinsi kapena nambala yotsimikizira ija, ndipo wofunsa zimenezo mudziwe kuti akufuna kulowa mu akaunti yanu. Musadine maulalo obwera m'magulu a WhatsApp olonjeza pasipoti yachangu, ntchito za boma kapena thandizo la ndalama. Adiresi ya tsamba muitenge pa chikwangwani cha ku ofesi kapena pa lisiti lenileni n'kuilemba nokha. Masamba ambiri a maunduna amathera ndi gov.zw, ngakhale kuti mabungwe ena monga ZIMRA amathera ndi co.zw, choncho mathero okha si umboni wokwanira. Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya pa malo a intaneti, tulukani mu akaunti, fufutani mafayilo anu ndipo musavomere kuti makinawo asunge pasiwedi. Mafotokope olakwika musawasiye mu bini ya pa shopu, muwatenge mukawawotche kunyumba.

Mapulogalamu a AI amene amayankha mafunso pa foni angakuthandizeni kumasulira Chingerezi chovuta cha pa fomu kapena kukonza kalata yodandaula, ndipo sindikuona cholakwika kuwagwiritsa ntchito motero. Koma musawapatse nambala ya chitupa kapena chithunzi cha pasipoti, ndipo musawakhulupirire pa mitengo, masiku omaliza kapena ndime za lamulo, chifukwa amatha kuyankha molimba mtima zinthu zakale kapena zopeka. Luso lomwelo likutha kutsanzira mawu a munthu, motero mukalandira uthenga wa mawu ngati a mchemwali wanu wa ku Lilongwe wopempha ndalama za maliro kapena za ku chipatala pa nambala yachilendo, muimbireni pa nambala imene mumaidziwa musanatumize kalikonse.

Muli ndi lamulo kumbali yanu. Gawo 57 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Cyber and Data Protection Act la mu 2021 linapatsa POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mapositi, udindo woyang'anira mmene mabungwe amasungira ndi kugwiritsira ntchito mbiri za anthu. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene akufunira zinthu zanu ndiponso wopempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Pamene mukuthandiza achikulire, ndi pamene makina akana

Ambiri mwa makolo athu amalankhula Chichewa ndi Chishona bwinobwino koma sawerenga Chingerezi cha pa sikirini, ndipo zimandipweteka kuti ntchito zimene zinabwera kudzafewetsa moyo zikuwasandutsa opemphapempha kwa ana awo. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka mu gawo 6 la malamulo a dziko lino, ndipo gawo lomwelo limalamula maofesi a boma kuganizira chilankhulo cha anthu amene akuwatumikira. Ndi koyenera kuti tizipempha, kudzera kwa makhansala, aphungu, mipingo, mizikiti ndi mabungwe athu a maliro, kuti mafomu ndi mauthenga a boma azipezekanso m'chilankhulo chathu, ndi kuti kauntala ya munthu wamoyo isatsekedwe chifukwa choti kwabwera tsamba la pa intaneti.

Pakali pano, inu amene mukugwira foni m'malo mwa agogo kapena amayi, awerengereni funso lililonse m'Chichewa ndipo yankho lichokere kwa iwo. Akaunti ikhale m'dzina lawo ndi pa laini yawo, ndipo nambala yachinsinsi aziidina okha pa foni ngati manja akulola. Wachibale wina wachiwiri adziwe kumene kope lija limakhala, kuti inu mukapita ku ntchito kunja kwa dziko penshoni ya agogo isaime. Ntchito zofuna intaneti muzizichita pamene magetsi alipo ndipo foni yadzaza, makamaka m'mawa kwambiri pamene netiweki sinapanikizike, ndipo mugule bandulo yokwanira kuti isathere pakati pa kutumiza fayilo. Musadikire tsiku lomaliza, chifukwa ndilo tsiku limene aliyense amalowa pa tsambalo n'kulilemetsa.

Tsamba likakana kapena likaima mutalipira kale, jambulani sikirini nthawi yomweyo kuti uthenga wolakwikawo, tsiku ndi ola zioneke. Musadinenso batani lolipirira. Lembani m'kope nambala ya malipiro, kuchuluka kwa ndalama ndi njira imene munalipirira, kenaka mutumize dandaulo pa imelo ya ofesiyo pamodzi ndi chithunzicho, kuti pakhale umboni wolembedwa wa tsiku limene munadandaula. Mukapita ku ofesi n'kuuzidwa kuti netiweki palibe, funsani ngati angalandire mapepala anu n'kukudindirani fotokope yosonyeza kuti munafika, makamaka ngati nkhaniyo ili ndi tsiku lomaliza. Funsaninso nambala ya chipinda kapena ya kauntala imene muyenera kubwererako, ndipo pobwerera mutenge kopelo, malisiti onse ndi mapepala enieni.